Kusonkhera Wodwala Msana: Mafunso Oyenera Kufunsa Ndalama Zisanayambe Kulowa

Sabata simatha osaona uthenga wotere pa WhatsApp kapena pa Facebook: chithunzi cha munthu ali chigonere pabedi, nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba, ndi mawu akuti madokotala anena kuti pakufunika opaleshoni ya msana. Ena amatumiza kangachepe nthawi yomweyo, ena amangodutsa poganiza kuti ndi akathyali. Mafunso ali m'munsimu amavutitsa mbali zonse ziwiri, abale amene akupempha ndi anthu akufuna kwabwino amene akupemphedwa.

Zipatala za boma n'zaulere. Nanga mamiliyoni akupemphedwawa ndi a chiyani?

N'zoona kuti ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu, wodwala wa m'wodi wamba salipira bedi ndipo salipira dokotala. Chovuta n'chakuti opaleshoni ya msana imafuna zinthu zimene sizipezeka nthawi zonse. Ekisire imaonetsa mafupa okha. Kuti dokotala aone bwino mtsempha waukulu umene umadutsa m'kati mwa mafupawo, wodwala ayenera kujambulidwa ndi makina a MRI, ndipo m'dziko muno makina amenewa ndi owerengeka. A boma akawonongeka, kapena mzere ukatalika, abale amakajambulitsa kolipira. Palinso zitsulo zomangira msana, misomali ndi tindodo ta titanium, zimene kuno sitipanga. Zimagulidwa kunja ndi madola. Opaleshoniyo imatenga maola ambiri, magazi amatayika, ndipo ena akatuluka m'fiyeta amafunika bedi la ku ICU. Madokotala odziwa ntchitoyi nawonso ndi ochepa zedi poyerekeza ndi anthu amene akuwadikira.

Choncho banja limatsala ndi njira zitatu: kudikira pamzere wa boma, kulipira ku pulayiveti, kapena kutuluka kunja. Ngakhale yaulereyo ili ndi mtengo wake kwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa. Wodwala wosatha kukhala tsonga sangakwere minibasi, pamafunika galimoto ya hayala. Gadiyani wasiya munda ndi ana kumudzi, ndipo kumalo ophikira odikirira odwala kumafunika ufa, ndiwo ndi makala tsiku ndi tsiku.

Kodi aliyense wodwala msana amafunika opaleshoni?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimalowera m'madzi. Msana uli ndi mafupa 33 osanjikizana: 7 a m'khosi, 12 a kumbuyo kwa chifuwa, 5 a m'chiuno, ndipo otsalawo anagwirana kumunsi. Pakati pa fupa ndi linzake pali kanthu kofewa kamene madokotala amati disc. Kakasuntha n'kupanikiza mtsempha, munthu amamva ululu wochokera m'chiuno, kutsika ndi mwendo mpaka kuphazi, ululu woti bambo wamkulu amalira mokweza. Komabe ambiri otere amapeza bwino pakatha masabata 6 mpaka 12, ndi mankhwala opha ululu ndi mafizo basi.

Nthenda ina yofala kuno ndi TB ya msana. Imadya mafupa pang'onopang'ono mpaka amaphwasuka, munthu n'kutuluka linunda, miyendo n'kuyamba kulemera. Kumudzi amati waponda mankhwala, ndipo miyezi imathera kwa asing'anga akutemedwa mphini. Mankhwala ake ndi omwe aja a TB, aulere m'zipatala zonse za boma, kungoti amamwedwa nthawi yaitali, miyezi 9 mpaka 12. Ambiri amene miyendo inali itafooka amadzukanso ndi mankhwala okhawo. Opaleshoni imabwera pamene mafinya kapena fupa zapanikiza kwambiri mtsempha, pamene msana ukupindikirabe, kapena pamene mankhwala sakusintha kanthu.

Pali ana, makamaka atsikana amene akusinkhuka, amene msana wawo umakhotera kumbali; madokotala amati scoliosis. Kukhotako amakuyeza pa ekisire, ndipo nkhani ya opaleshoni imayamba kukambidwa kukafika madigiri 45 kapena 50. Kukachepera apo amangomuyang'anira, kapena kumuveka chomangira thupi cholimba. Palinso khansa yochokera kwina, monga ya bere kapena ya prostate, imene imakafika ku msana. Pamenepo opaleshoni ingachepetse ululu ndi kuteteza miyendo, koma khansayo siichotsa.

N'chifukwa chake ndimati kusonkha kuyambire m'chipinda cha dokotala. Musanalembe uthenga wopempha, khalani ndi lipoti lolembedwa, lotchula dzina la nthenda ndi opaleshoni imene ikufunika, ndipo lipotilo ndi zithunzi zake mukamuonetsenso dokotala wina wa mafupa kapena wa mitsempha amene sapindulapo kanthu. Dokotala wabwino sakwiya mukatero.

Pali nthawi imene sitiyenera kudikira kuti ndalama zikwane?

Ilipo. Munthu wodwala msana akayamba kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikumangotuluka osadziwa, akachita dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumatako, kapena miyendo ikufooka tsiku ndi tsiku, musataye nthawi ndi kupanga gulu la pa WhatsApp. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo ndipo munene zizindikirozo momveka bwino. Mitsempha yopanikizika chotero imafuna kumasulidwa pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Ikachedwa, kuwonongeka kwake sikubwerera mwakale ngakhale mutadzapeza mamiliyoni.

Chimodzimodzi pangozi, kaya ya galimoto, ya kabaza, kugwa mumtengo wa mango kapena kugweredwa ndi khoma. Ena amapuwalira m'manja mwa owathandiza. Wovulala amene akudandaula khosi kapena msana musamukhazike tsonga ndipo musamukweze panjinga. Anthu angapo amunyamule pamodzi, mmodzi atagwira mutu kuti ukhale molunjika ndi thupi, amugoneke pachinthu cholimba ngati chitseko.

Akachitidwa opaleshoni, ayendanso?

Funso ili anthu amaopa kulifunsa, ndipo madokotala ena, pomva chisoni, amaliyankha mozungulira. Lifunseni basi, ndipo mulifunse ndalama zisanasonkhedwe.

Yankho limadalira zimene zachitikira mtsempha waukulu uja. Ngati wangopanikizika, kuchotsa chimene chikuupanikiza kungabwezeretse mphamvu, makamaka zikachitika msanga. Ngati wodwala akumvabe pang'ono akamukhudza kumapazi, kapena akutha kugwedeza chala, chiyembekezo chilipo. Koma ngati mtsemphawo unaphwanyika kotheratu pangozi, ndipo papita miyezi munthu osamva kanthu kuyambira pomwe anavulala kutsika m'munsi, palibe chipatala, kaya ku India, ku Johannesburg kapena ku London, chimene chingaulumikize. Opaleshoni pamenepo imangolimbitsa mafupa kuti munthu azitha kukhala tsonga ndi kuyamba mafizo. Ndi phindu lenileni limenelo, koma n'losiyana ndi zimene osonkha amaganiza akamawerenga mawu akuti “tithandizeni kuti ayendenso”.

Samalani ndi anthu amene amalonjeza machiritso a stem cell kwa munthu wofa miyendo. Kafukufuku wake akuchitika, koma njirayi sinatsimikizidwe kuti imadzutsa munthu, ndipo mtengo wake ndi wothyola khosi. Samalaninso ndi amkhalapakati a zipatala zakunja. Ambiri amalandira yawo pa wodwala aliyense amene wabwera, choncho mawu oti “musabwere, sizithandiza” sangatuluke msanga pakamwa pawo.

Kwa munthu amene sadzayendanso, chimene chimatalikitsa moyo wake ndi chisamaliro cha pakhomo. Zimene zimapha ambiri akatuluka m'chipatala ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Amafunika kutembenuzidwa pa maola awiri aliwonse, usiku womwe, matiresi abwino, mapaipi a mkodzo aukhondo, matewera, njinga ya olumala yomuyenera ndi khushoni yake, komanso chimbudzi chimene angalowemo. Banja limene lathera zonse pa ulendo wa kunja n'kubwerera opanda yogulira zimenezi lawononga ndalama za anthu, ngakhale silinabe tambala. Kusonkhera njinga ndi matiresi sikukopa anthu ngati kusonkhera tikiti ya ndege, koma nthawi zina ndiko kusonkha koona.

Kodi n'kofunikadi kupita kunja?

Osati nthawi zonse, ndipo zinthu zasinthako. Ku Kamuzu Central kuli LION, chipatala cha mafupa, ubongo ndi mitsempha chimene chinatsegulidwa mu 2023 ndi thandizo lochokera ku Norway ndi mabungwe ena. Ku Queen Elizabeth kuli madokotala a ubongo ndi msana. Beit CURE ku Blantyre, imene inayamba mu 2002, imathandiza ulere ana a mavuto a mafupa, ndipo mwana wokhota msana ayenera kukaonedwa kumalo otere makolo asanaganize za pasipoti. Za mafizo, kuli Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre komweko.

Zikakanika kuno, dokotala wa pachipatala chachikulu amalemba kalata yopita ku komiti ya Unduna wa Zaumoyo imene imaona za kutumiza odwala kunja pa ndalama za boma. Mzere wake ndi wautali ndipo umayenda malinga ndi madola amene boma lili nawo, koma dzina la wodwala lilowe ndithu. Kusonkha kuzichitika uku mukudikira. Ambiri opita okha amalowera ku India chifukwa mtengo wake umatsikirako poyerekeza ndi zipatala za pulayiveti za ku South Africa. Kwa ana opindika msana koopsa, kulinso chipatala cha FOCOS ku Accra m'dziko la Ghana, chimene anayambitsa Dr Oheneba Boachie-Adjei, ndipo chimadziwika mu Africa muno pa ntchito imeneyi.

Tidziwa bwanji kuchuluka kwa ndalama zoti tipemphe?

Pemphani chipatala chikulembereni mtengo papepala la chipatalacho, ndipo mufunse zimene zili m'kati mwa mtengowo. Zitsulo zilimo? Masiku angati a m'wodi, angati a ku ICU? Bala likavuta n'kufunika kubwerera ku fiyeta, alipira ndani? Mtengo umene amakupatsani poyamba ndi wongoyerekeza, ndipo kawirikawiri umakwera wodwala akapimidwanso kumeneko.

Pamwamba pake onjezani mapasipoti, ma viza a wodwala ndi gadiyani, matikiti awiri, malo ogona ndi chakudya cha masabata angapo amene dokotala adzafune kuti mukhalebe pafupi asanakuloleni kukwera ndege. Wodwala wosatha kukhala pampando amayenda pamachira m'ndege, ndipo kampani ya ndege imalipiritsa mipando ingapo, kuphatikizapo kufuna kalata ya dokotala ndi womuperekeza wachipatala. Ambiri amadzidzimuka nazo zimenezi kutatsala masiku ochepa. Onjezaninso miyezi ya mafizo ndi mankhwala mukabwerera.

Ndiye pali mutu wa kwacha. Inu mukusonkha makwacha pamene chipatala chikufuna madola. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze banja limene linkafuna madola 10,000: linagona likusaka K11.8 miliyoni, n'kudzuka likusaka K17 miliyoni. Komanso kukhala ndi makwacha ku banki sikutanthauza kuti madola mwawapeza. Pitani ku banki msanga ndi lipoti la dokotala ndi pepala la mtengo, mulembetse pempho lanu, kuti banki idzatumize ndalamazo mwachindunji ku akaunti ya chipatala. Mukauza anthu chiwerengero, auzeni cha madola ndi cha makwacha, kuti chikadzasintha asadzati mwayamba dyera.

Ndalamazo asunge ndani?

Asasunge munthu mmodzi, ngakhale atakhala abusa kapena mayi ake a wodwalayo. Sindikunena kuti anthu ndi akuba. Koma munthu amene mufoni mwake muli mamiliyoni, kunyumba kulibe ufa ndipo mwana wabwezedwa fizi, amabwereka pang'ono n'cholinga chodzabweza, ndipo mbiri ya banja lonse imathera pomwepo. Pangani kakomiti ka wapampando, mlembi ndi msungichuma, mmodzi mwa iwo asakhale wachibale. Tsegulani akaunti ya ku banki yosainira anthu awiri. Nambala za pafoni zikhale ziwiri zokha, ya Airtel Money ndi ya Mpamba, zodziwika eni ake, ndipo ndalama zizisamutsidwira ku banki pafupipafupi, pakutinso akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge.

Kenako muzinena poyera mmene ndalama zikuyendera. Mu Januwale 2021, Covid itafika povuta, Stanley Onjezani Kenani ndi anzake anasonkhetsa ndalama zogulira zipangizo za mpweya m'zipatala. Chimene chinachititsa kuti anthu apitirize kupereka chinali chakuti zolowa ndi zotuluka zinkalembedwa poyera pa Facebook, aliyense n'kumadziwerengera yekha. Banja laling'ono lingachite chimodzimodzi: madzulo aliwonse, zalowa zakuti, zonse pamodzi zafika pakuti, tagula chakuti, lisiti yake nayi. Wopereka akaona K5,000 yake pamndandanda amaperekanso, ndipo amauza mnzake.

Nanga tikagogode kuti?

Yambani ndi ndalama zimene wodwalayo ayenera kulandira mwalamulo, zimene ambiri amaziiwala chifukwa cha mantha ndi changu. Ngati anagundidwa ndi galimoto, pali inshuwalansi imene galimoto iliyonse imayenera kukhala nayo. Tengani lipoti la apolisi ndi la chipatala. Imachedwa, ndipo njinga zambiri za kabaza zilibe, komabe yambani. Ngati anavulalira pantchito, lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito limamukhudza bwana wake, ndipo ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndiyo poyambira. Ngati ali pa MASM kapena sikimu ina ya zachipatala, funsani malire a zimene amalipira.

Kenako abale asonkhe okha kaye. Anthu akunja amafuna kuona kuti eni ake aikapo chiyani. Akatero pitani ku mpingo kapena ku mzikiti, kuntchito, kwa anzake a kusukulu, ku banki m'khonde. Ena amakonza Pepa Sande, ena big walk, imene imafuna kudziwitsa a khonsolo ndi apolisi. Oimba ndi anthu otchuka ali ndi mphamvu yawo: mu 2020 Patience Namadingo anaima ngati chiboliboli ku Blantyre posonkhera woimba mnzake wodwala khansa, ndipo anthu anapereka. Za andale ndi makampani, lembani makalata, koma lonjezo la pamaso pa atolankhani musaliwerengere kufikira litalowa mu akaunti.

Abale a ku Joni ndi ku Ulaya ndi ofunika kwambiri chifukwa ndalama zawo ndi zakunja kale. M'malo moti azitumize kuno kudzera ku Mukuru kapena WorldRemit kuti zisanduke makwacha, n'kuyambanso kusaka madola, ndi bwino alipire okha ku chipatalacho kapena agule matikiti. Tsamba losonkhera ndalama pa intaneti la GoFundMe silola kutapa ndalama kuchokera ku Malawi. Pamafunika munthu wodalirika wokhala kumaiko ngati Britain kapena America, ndipo pa chopereka chilichonse amadulapo pang'ono. Ku South Africa kuli tsamba lotere la BackaBuddy.

Chimene ndingaletse ndi katapila, ndi kugulitsa munda kapena nyumba imene wodwalayo adzabwererepo. Amene ankasaka chakudya pakhomopo mwina ndi yemweyo wagonayo.

Kodi tiike zithunzi za wodwala kuti anthu akhulupirire?

Mufunseni mwini wake. Msana ndiwo wadwala, mutu uli bwinobwino. Chithunzi chimodzi atavala bwino n'chokwanira. Kumuonetsa ali maliseche, ali ndi thewera kapena paipi ya mkodzo, kumabweretsadi ndalama, koma chithunzicho chidzakhalabe pa intaneti iye atachira, akufunsira ntchito kapena banja. Kwa mwana samalani koposa. Polemba za nthenda, tchulani zokhudza msana zokha. Ngati lipoti latchula za HIV kapena zina zachinsinsi, phimbani musanalijambule.

Ine ndapemphedwa. Ndidziwa bwanji kuti si akuba?

Onani ngati uthengawo ukutchula chipatala, nthenda, ndalama zofunika ndi tsiku. Uthenga wopanda tsiku ungakhale wa zaka zitatu zapitazo, wodwalayo anachira kapena anatisiya kale. Akathyali ambiri sapeka wodwala. Amatenga uthenga woona n'kusinthapo nambala yokha. Choncho potumiza, yang'anani dzina limene latuluka pafoni musanatsimikize, ndipo mulifananize ndi limene banja linalengeza. Ngati mukufuna kupereka zambiri, pemphani kulipira ku chipatala mwachindunji, kapena tumani munthu akamuone wodwalayo m'wodi. Banja loona limakondwera ndi mlendo wotere. Amene akupsa mtima mukafunsa lisiti, kapena amene chiwerengero chake chikungokwera popanda pepala latsopano la chipatala, musiyeni. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu, ndipo apolisi amaulandira.

Wopanda ndalama nayenso ali ndi chopereka. Opaleshoni ingalephereke chifukwa chosowa magazi, ndiye kukapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service ndi thandizo lenileni. Kulandira gadiyani usiku umodzi kuti akagone, kumulimira munda, kapena kuphunzira kutembenuza wodwala, zonsezi zimafunika kwa miyezi yambiri pamene gulu la pa WhatsApp lazizira kale.

Ndalama zikatsala, zikapanda kukwana, kapena wodwala akamwalira opaleshoni isanachitike?

Zitatu zonsezi zimachitika, ndipo zimadanitsa anthu chifukwa palibe amene amafuna kuzitchula poyamba, kuopa kuoneka ngati akulosera zoipa. Komiti izikambe tsiku loyamba, ilembe, ndipo iwauze osonkha. Zikatsala, zipite ku mafizo, njinga ndi ulendo wokaonedwanso ndi dokotala. Zikapanda kukwana pofika tsiku limene munaika, bwererani kwa dokotala mukafunse chimene ndalama zilipozo zingachite kuno, m'malo monyamuka ndi theka n'kukasowa chochita kudziko la eni, kumene chipatala chimaima kaye mpaka bilu italipidwa.

Wodwala akamwalira, ndalama zija si chuma chamasiye choti abale agawane, pakuti anthu anapereka pa cholinga chimodzi. Ngati chipatala chinalandira kale dipoziti, lembani kalata yoitanitsa zimene sizinagwire ntchito. Akamwalirira kunja, kubweretsa thupi kumadya ndalama zambiri, ndipo ndi bwino kuti pa bajeti pakhale gawo la zimenezi ngakhale palibe amene akulifuna. Zotsala zingathandize pa maliro ndi ana osiyidwa ngati osonkha anauzidwa ndipo avomereza. Amene anapereka zambiri afunsidwe mmodzimmodzi ngati akufuna kubwezeredwa, kapena kuti zipite kwa wodwala wina wa m'wodi momwemo. Mlembi atulutse lipoti lomaliza, kenako akaunti itsekedwe ndipo nambala zija zilengezedwe kuti sizikulandiranso chopereka.